Banjo imene sindinapatsidwe

Kwathu ku Bolero, amene anayambitsa jazi anali mkulu wina yemwe tonse tinkangomutchula kuti Asekuru. Anakagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, n'kubwerako ndi nyimbo m'mutu basi. Banjo anachita kudzipangira okha ndi chitini cha mafuta ophikira, thabwa ndi mawaya a mabuleki a njinga.

Kayimbidwe kawo kanali ka mipata. Nyimbo ikafika pokoma ankasiya mawaya mwadzidzidzi, kumangomveka mapazi a ovina, kenako n'kulowanso pamene munthu sakuyembekezera.

Tinkaphunzira kwa iwo anthu awiri, ine ndi msuweni wanga. Manja awo atayamba kunjenjemera, anati banjoyo adzapatsa mmodzi mwa ife. Ndinkaifuna chomene.

Kusukulu kwathu, ukabwereza ndendende zimene aphunzitsi anena unkakhoza. Choncho ndinagula kope. Asekuru akamayimba ndinkawerenga chamumtima n'kulemba: apa akhwatcha kasanu, apa asiya. Ndinkayeserera kuseri kwa chigafa cha fodya mpaka zala kuchita matuza. Msuweni wangayo analibe kope. Akalakwitsa ankangoseka.

Tsiku la msika Asekuru anatiyimbitsa pakhonde la golosale. Ndinayamba ndine, ndipo sindinaphonye ngakhale pamodzi. Mayi wina wogulitsa tomato anafuula kuti, "Awa ndiye Asekuru enieni!" Ndinazolika, mtima ukumwetulira.

"Iwe, zimenezi ndinayimba liti?" anandifunsa Asekuru.

"Lachiwiri lapitali, Asekuru."

"Nanga lero ndi Lachiwiri? Amene ankavina tsikulo ukuwaona pano? Wasiya mpata mayi uyu mwendo uli m'mwamba, ukufuna agwere mu tomato?"

Anthu anaseka. "Yewo, Asekuru," ndinatero, ngati kuti andipatsa mphatso. Ndinkafuna kuwafunsa chifukwa chake sanandiuze kale, miyezi yonse ija akundiona ndikulemba, koma ndinangopereka banjo kwa msuweni wanga.

Msuweni wanga waya wina unamudukira pakati pa nyimbo. Anapitiriza ndi otsalawo, maso ali pa mapazi a anthu. Banjo inapita kwa msuweni wangayo tsiku lomwelo.

Asekuru anatisiya. Masiku ano anyamata oyimba kiyibodi m'maukwati a ku Boma amasiya mipata yonga yomwe ija, osadziwa n'komwe kumene inachokera. Ine ndimadziwa, zonse zili m'kope langa. Koma ndikabwereka banjo kuti ndiyesenso, milomo imayamba yokha kuwerenga, ndipo maso amakana kuchoka pa mawaya.