Nambala imene a Saizi ankaikondwerera

Mumsika monse munalibe munthu wodziwa phazi ngati a Saizi. Kasitomala akaima pa benchi pawo, iwo ankangoponya diso pansi kamodzi. "42, koma chala chachikulucho n'chotalika, tengani 43." Munthu akayesa, nsapato inkalowa ngati anachita kumusokera. Dzinali linachokera pamenepo, lenileni linatsala pa chitupa chokha.

Anayamba ali mnyamata, ndi mapeyala a nsapato asanu ndi limodzi oyala pa thumba m'mbali mwa msewu. Pofika zaka 52 anali ndi benchi yofolera ndi malata, nsapato za kaunjika zoposa mazana atatu zikulendewera pa zingwe, ana anayi onse atadutsa kusukulu. Masamu ankawerengera m'mutu. Kalikuleta ankati ndi ya anthu ogona.

Anapezeka ndi matenda a shuga ali ndi zaka 41, ndipo sanachite nawo chibwana. Tiyi anayamba kumwa wopanda shuga, mapiritsi sankadumphitsa kawirikawiri, anagulanso kamakina kobaya chala. Pa kamakinako anaphunzira lamulo limodzi: nambala ikakwera zinthu zaipa, ikatsika zili bwino.

Kamodzi pa chaka kuchipatala ankawatenga magazi pamkono ndi mkodzo m'kabotolo, namwino n'kulemba nambala ina kumapeto kwa buku lawo. Poyamba analemba 91. Kenako 83, kenako 70, kenako 58. A Saizi sanafunse kuti ndi ya chiyani. Mzere unkakhala wautali, benchi ili yokha kumsika, komanso nambalayo inali kutsika. Bukulo ankachita kuonetsa anthu kunyumba. "Taonani apa, chaka ndi chaka ikutsika. Ine matendawa ndawagwira pakhosi."

Tsiku lina masana nsapato yawo ya 42 inayamba kuwathina. Munthu wina akanadabwa, chifukwa akanayenda ndi ululuwo mpaka kunyumba. Koma a Saizi anangotambasula mkono kumbuyo, n'kuchotsa 43 pa chingwe. Patatha miyezi inayi anatambasulanso mkono, n'kuchotsa 44. Imeneyonso itayamba kuluma, anapita nayo kwa a Guluu, wosoka nsapato wa benchi yoyandikana, kuti akaitanule.

"A Saizi, mukukulabe? Pa msinkhu wanuwu?" anatero a Guluu, ulusi uli kukamwa.

"Ndi mafakitale a masiku anowa. Saizi akungolemba ya m'mutu mwawo."

"Mafakitale onse agwirizana zokuzunzani inu nokha? Tavulani sokosi."

A Guluu anadinikiza chala pamwamba pa kakolo, monga amachitira poyesa chikopa, n'kuchotsa. Panatsala kadzenje. Onse awiri anakayang'ana. A Saizi anawerenga chamumtima mpaka khumi, kadzenje kali pompo. Mzera wa sokosi unali utalowa m'mwendo ngati anamanga ndi waya.

"Akulu, chikopa chamoyo chimabwerera," anatero a Guluu, nthabwala zitatha. "Ichi chakana. Pitani akakuoneni."

Anapita kuchipatala m'mawa mwake, anawatenga magazi, ndipo zotsatira zitatuluka anawalowetsa kwa dokotala, mayi wamng'ono ndithu, wa msinkhu wa mwana wawo woyamba. Analemba nambala yatsopano pansi pa zinzake: 41.

"Yatsikanso!" anatero a Saizi, mano onse pamtunda.

Dokotalayo anaika cholembera pa tebulo.

"Bambo, nambala iyi si ya shuga. Ikutiuza mmene impso zanu zikusefera magazi. Impso zabwinobwino zimakhala pa 90 kapena kupitirira. Iyi timafuna ikhale pamwamba."

A Saizi anakokera bukulo pafupi. Anayang'ana tsamba lija. Nambala zomwezo, dzanja lomwelo la namwino, koma tsopano zinkaoneka ngati makwerero otsikira m'dzenje.

"Koma adokotala, sizinandipwetekepo n'kamodzi komwe."

"Sizipweteka, ndiye vuto lake. M'impso muli timasefa ting'onoting'ono tambirimbiri. Shuga akachuluka m'magazi kwa zaka, amatiwononga pang'onopang'ono, ndiye timayamba kudonthetsa zinthu zimene thupi limayenera kusunga, n'kumatuluka ndi mkodzo. Nthawi imeneyo munthu amakhala akudya, akuseka, akugwira ntchito. Kenako BP imakwera, n'kumawononganso timasefa tomweto. Kutupa miyendo kumabwera mochedwa. Mkodzo wanu umachita thovu?"

Unkachita. A Saizi ankaganiza kuti ndi mankhwala otsukira chimbudzi amene akazi awo anasintha.

Dokotala analoza m'mbali mwa tsambalo. Pambali pa 70 namwino anali atalemba kuti akaonane ndi dokotala Lachinayi. Pambali pa 58 analembanso chimodzimodzi, n'kudula mzere pansi. A Saizi anakumbukira bwino. Lachinayi ndi tsiku lotsegula mabelo, ndipo wofika mochedwa amatola nsapato za mwendo umodzi. Panalinso kapiritsi koyera ka BP kamene anawapatsa nthawi imeneyo. Anamwa mwezi umodzi n'kusiya, poti mutu sunkawawa.

"Kameneko kamatetezanso impso," anatero dokotala. "Nanga pali mankhwala ena amene mumamwa?"

"Opha ululu basi. Awiri m'mawa uliwonse. Msana, adokotala. Belo la nsapato si masewera."

"Kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka zitatu."

Dokotala anatseka maso pang'ono, ndipo a Saizi anadziwa kuti nawonso opha ululuwo ali m'gulu la adani.

Mutu wawo unali utayamba kale ntchito. Chaka choyamba anataya 8, chachiwiri 13, chachitatu 12, chino 17.

"Nanga pansi pake ndi pati?" anafunsa.

"Ikatsika kupitirira 15, timayamba kukamba za makina osefa magazi. Maola anayi, kawiri kapena katatu pa sabata."

41 kuchotsa 15 ndi 26. Pa liwiro la chaka chino, chaka chimodzi ndi theka. Mwana wawo wotsiriza anali asanapeze ntchito.

"Zimene zapitazo sizibwerera, bambo, sindikunamizani. Koma liwiro tikhoza kulichepetsa. Kapiritsi ka BP tsiku lililonse, opha ululu aja musiye, mchere muchepetse, shuga timuone bwino, osati m'mawa mokha. Ndiwonjezeranso mankhwala ena. Alipo anthu amene amangotaya 2 kapena 3 pa chaka."

26 kugawa ndi 3. Zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi. Kugawa ndi 2, khumi ndi zitatu.

Tsiku limenelo sanabwerere kumsika. Anapeza akazi awo akuanula zovala, n'kuwafotokozera zonse ataimirira pakati pa zingwe. Mayiwo anakhala pansi pa ndowa yovundikira, shati ili m'manja.

"Ndiye bambo, zaka zonsezi tinkaombera m'manja chiyani?"

Kenako mayiwo anapitiriza.

"Mabelo a Lachinayi ndizipita ndine. Nsapato yabwino ndimaidziwa, ndakutsukirani zaka makumi awiri. Ndipo botolo la mchere lichoke pa tebulo lero lomwe, tonse tizidya chimodzimodzi."

Patatha miyezi itatu analowanso m'chipinda chomwe chija, miyendo itaphwa ndithu. Dokotala analemba 40. A Saizi anaiyang'ana, n'kuwerengera m'mutu.

"Imodzi pa miyezi itatu ndi zinayi pa chaka, adokotala. Inu munati ziwiri kapena zitatu."

Dokotala anaseka. "Nambalayi imasewera pang'ono, bambo, si sikelo. Poyerekeza ndi mmene inkathamangira, apa mwaiimika."

"Ayi, tikambirane bwino," anatero a Saizi, akukokera mpando pafupi ndi tebulo monga amachitira kwa eni mabelo. "Kuti ndizitaya ziwiri zokha, ndiwonjezere chiyani?"