Nthungululu ya Amayi

Ndikanunkhiza pamutu pa khanda langali, maso amapita kukhomo.

Ndili mwana ku Chezi, azimayi kuchitsime anangosiya kuyankha moni wa amayi. Bambo, omwe anali aphunzitsi, anali atafotokozera ana asukulu za Atirausi, mtundu wakalekale wa ku Thiresi, kutsidya kwa nyanja. Akuti kumeneko mwana akabadwa ankamuzungulira n'kumalira poganizira mavuto amene adzaone, koma munthu akafa ankavina.

Kenaka anyamata a chipani a malaya ofiira anafika. "Ndiye mukuti kubadwa m'dziko lino ndi maliro?" Anawatenga bambo opanda nsapato.

Mwezi womwewo amayi anachira mwana wamwamuna. Tsiku lotuluka m'chikuta, mayi wina wa chipani anakhala pakhonde, kudikira kuti aone ngati tilire. Amayi atandipatsa mwanayo, ndinamva kafungo kake, ndinakumbuka bambo, ndinayamba kusisima.

Amayi ananditsina pantchafu. "Meza! Misozi ndi yathu, asakaitengere kumsonkhano."

Anadzuka, anamuyang'ana mayiyo m'maso, n'kuimba nthungululu mpaka phiri linayankha.

"Mwamva, anzanga? Kawauzeni a chipani."