Swichi ya Pansi pa Mpando

Ku Manja, a Stafford Nyamizinga amadziwika kuti bambo wa maboti, ngakhale Blantyre alibe nyanja. Makolo awo anachokera ku Mozambiki, koma iwo anakulira m'magalaja a ku Limbe, akuphunzira za mawaya a galimoto. Olemera a ku Mpingwe atayamba kugula maboti okasangalalira ku Mangochi, n'kumawakoka pangolo kubwera nawo m'tauni akawonongeka, ntchito ya mawaya ake inagwera a Stafford.

Chimene ankanyadira kwambiri ndi kabokosi kamene ankaika m'boti kuti kazilengeza pamene botilo lili. Sitima zina zimaliona, ndipo ngakhale munthu wa kumtunda amaona kadontho kakuyenda pafoni.

Mwana wawo Melvin, bambo wa ana awiri, ankayendetsa boti la a Dalton, mwini malole ku Limbe. Tsiku lina a Dalton anawaitanira a Stafford pambali.

"Madala, kabokosi kanu kaja kandiika m'mavuto. Mayi akunyumba akumadziwa paliponse pamene ndaima. Tandiikirani pozimitsira."

"Bwana, nanga mwera ukakupezani pakati?"

"Inu mumaopa ndi madzi a m'bafa omwe. Ikani basi."

A Stafford anaseka nawo, monga amasekera munthu pamaso pa bwana wa mwana wake. Anaika swichi pansi pa mpando, osauza aliyense.

Lamulungu lina mu Juni, potuluka m'tchalitchi, anapeza mpongozi wawo Esther akuwadikira pakhomo, mwana kumsana. Boti linali litanyamuka dzulo lake m'mawa ndi Melvin ndi alendo, mwera unauka, ndipo silinabwerere. A Stafford anatsegula foni. Kadontho kanali padoko, osasuntha chiyambire Lachisanu. Ofunafuna analibe poyambira.

Masiku awiri a Stafford anakhala pakhonde, foni ili pabondo. Amayi a Mvano anabwera kudzapemphera, ndipo mmodzi anafunsa mosaganiza choipa, "Mesa kabokosi kanu kaja kamanena pamene munthu ali?" A Stafford anangoyang'ana pansi.

Lachiwiri asodzi analipeza botilo cha ku Makanjira, injini itafa, anthu onse ali moyo. Melvin anafika ku Manja milomo itang'ambika, miyendo itatupa. Anthu atabalalika, bambo ake anakhala naye pafupi.

"Mwana wanga, swichi imene ija ndinaika ndine. Ndinadziwa kuti n'zolakwa, koma ndinaopa kuti ndikakana akuchotsa ntchito."

Melvin anasisita mutu wa mwana wake wamng'ono.

"Ndinazimitsa ndine, bambo, tisananyamuke. Bwana anangoloza ndi mlomo, ine n'kuwerama. Madzi atalowa ndinayesa kuyatsa, koma batire linali litafa."

"Ndiye Loweruka likubwerali upitanso kunyanja?"

"Bwana ati ndikakonze boti. Kukubwera alendo ena."