Magazi a Habiba Atakanidwa

Habiba wa ku Lifuwu ankadziwika ndi mawu anthu asanamuone nkhope. Akamapirikitsa mbalame m'munda wake wa mpunga kusikimu ya ulimi wothirira, ngakhale odutsa kumsewu ankamva. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, ana atatu, ndi kalesitilanti kofolera ndi udzu pafupi ndi doko, momwe ankaphikira asodzi mpunga ndi utaka. Mwamuna wake, Idi, ankakonza mainjini a maboti ndipo miyezi yambiri ankakhala ku chilumba cha Mbenji.

Chaka chomwe mng'ono wake Zahra anataya magazi ambiri pobereka, anamwino anapempha achibale kuti apereke magazi. Habiba ndiye anayamba kutambasula mkono. Patapita kanthawi anamuitanira m'kachipinda nkutseka chitseko.

"Magazi anu sitiwagwiritsa ntchito, mayi," anatero namwino.

"Mwapeza kachilombo?"

"Kachilombo, koma si komwe mukuganizako. Aka ndi ka matenda a chiwindi, hepatayitisi B."

Zahra anapulumuka ndi magazi a munthu wina. Habiba anabwerera kwawo ndi dzina la matenda lomwe ankalephera kulitchula bwino. Atamuyezanso patatha miyezi isanu ndi umodzi, dokotala anamuuza kuti kachilomboko kakhazikika, mwina moyo wake wonse, koma chiwindi chidakali bwino moti mankhwala sakufunika panopa. Azingobwera kudzayezetsa kawiri pachaka.

"Ndiye ndikudwala kapena sindikudwala?" anafunsa Habiba.

"Muli nako, koma simukudwala."

Yankho limeneli linamuzunza kuposa matendawo. Akanamupatsa mapilitsi akanadziwa chochita m'mawa uliwonse. Koma anangomupatsa tsiku lobwereranso.

Idi atabwera kuchokera ku Mbenji anakayezetsa, pamodzi ndi ana. Onse anapezeka alibe, ndipo Idi anabayidwa katemera. Atafika pakhomo anavula nsapato, nakhala pakhonde, nafunsa osamuyang'ana mkazi wake.

"Ine ndilibe. Nanga iwe unakatenga kuti?"

Zaka khumi ndi zisanu za ukwati Idi ankamuitana make Rukiya, ndipo ankati inu. Tsiku limenelo anati iwe.

"Bambo a Rukiya, adokotala anena pamaso panu kuti ambiri amabadwa nako."

"Ambiri. Sananene kuti onse."

Idi anauza mlongo wake, mlongoyo anauza a kudoko. Pasanathe mwezi, mabenchi a m'lesitilanti anayamba kukhala opanda anthu. Ena ankati ndi Edzi yomwe yangosinthidwa dzina. Ena ankati chikasu chimalowa m'chakudya kudzera m'thukuta la wophika. Habiba ankafotokoza kuti kachilomboko kamayenda ndi magazi, pogonana, kapena pobadwa, osati ndi mpunga. Anafotokoza mpaka kukhosi kuuma. Anthu ankagwedeza mutu mwaulemu, kenako nkukadya kwa mnzake.

Thupi lake silinasinthe, koma mutu ndiwo unayamba kudwala. Akadzuka, asanasambe nkomwe, ankatenga kagalasi nkukokera chikope pansi kuona ngati maso achita chikasu. Akamva kamphepo m'mimba ankasiya ntchito nkumadzisisita pansi pa nthiti zakumanja. Anasiya kupita kumisonkhano ya amayi kumzikiti, chifukwa tiyi akafika pa iye ankaona kapu yomwe amupatsa ikuikidwa pa yokha. Tsiku lina mwana wake wamkulu, Rukiya, anataya mchere, ndipo Habiba anamumenya khofi loti mwanayo anagwera pa nkhuni. Kenako anakakhala kuseri kwa khitchini nkulira mpaka mpunga kupserera pamoto. Kumunda mbalame zinkadya momwe zifunira, iye atangokhala pamzere nkumaziyang'ana.

Salome, yemwe munda wake unagundizana ndi wa Habiba, ndiye anamufunsa. Salome ankamwa mankhwala otalikitsa moyo kwa zaka khumi, ndipo ankatsogolera gulu la anzake lomwe linkakumana Lachinayi pansi pa mtengo wa mango.

"Amzanga, mwaonda ndi maganizo. Bwerani mudzakhale nafe."

"Ndikakhala nanu ndiye a kudoko anena kuti tinkanena ife," anayankha Habiba. "Komanso inu muli ndi mankhwala anu, tsiku lanu, alangizi anu, mpaka nyimbo zanu. Anthu akudziwa kuti mukhoza kudya nanu. Ine matenda anga palibe akuwadziwa. Ndikufuna munthu mmodzi yekha woti anene kuti nanenso ndili nawo."

Salome analibe munthu woteroyo.

Habiba ankakumbukira mchimwene wake Mustapha, yemwe anamwalira ali ndi zaka makumi atatu, mimba itatupa, maso ali achikasu. Pamaliro anthu ankati anamulodza asodzi anzake. Tsopano iye anayamba kuganiza zina. Anapita kwa amayi ake, Abiti Masiye, nawapeza akupeta mpunga.

"Amayi, tiyeni mukayezetse. Mwina tonse tinabadwa nako."

Abiti Masiye anaika lichero pansi. "Ukufuna kunena kuti Mustapha ndinamupha ndine?"

"Sindinatero, amayi."

"Watero. Ndinakuyamwitsa kuti lero undisenzetse manyazi ako? Sindipita."

Ndipo sanapitedi. Amene anavomera, atamunyengerera kwa miyezi itatu, anali Zahra. Anapezeka nako.

Habiba anabwereka buku la kuchipatala la mng'ono wake nkukalipereka kwa Idi, yemwe ankamasula injini pabwalo. Idi anapukuta manja, nawerenga, nalibweza.

"Ndaona."

"Mwaona basi?"

"Mukufuna ndinene chiyani, make Rukiya?"

"Mukauze mlongo wanu. Mukanene kudoko komwe munanena zija."

"Zimenezo zinapita. Kuziutsanso nkuyambitsa miseche ina."

Anawerama nkupitiriza kumasula injini yake. Habiba anaima pamenepo buku lili m'manja. Chaka chathunthu ankayembekezera tsiku limeneli, ndipo ankaganiza kuti likadzafika chinthu chomwe chinamutsamira pachifuwa chidzachoka. Sichinachoke.

Chinawonjezekanso china. Zahra anayamba kulira tsiku ndi tsiku, akuopa kuti wapatsira khanda lake, akuopanso kuuza mwamuna wake. "Ndinali bwinobwino ine, achemwali, musanandikokere kuchipatala," anatero. "Munkafuna umboni wanu, mwaupeza. Nanga ine nditani?" Habiba ankadziwa kuti theka la mawuwo linali loona. Munthu yemwe ankamufunafuna uja anamupeza, koma anali mng'ono wake yemwe, ndipo anali atamukwiyira.

Ulendo wotsatira wa kuchipatala awiriwo anapita limodzi, khanda lili kumbuyo kwa Zahra. Mwanayo anapezeka alibe. Dokotala atayang'ana zotsatira za Habiba anamwetulira nkunena kuti chiwindi chili bwino, asadandaule.

"Chiwindicho mwachiona," anatero Habiba. "Nanga mutu wangawu auona ndani? Sindidya bwino, ndamenya mwana popanda chifukwa, mpunga wanga ndaupatsa mbalame. Mukandiuza kuti ndisadandaule, ndikazisiye kuti nkhawazo?"

Dokotala anasiya kulemba. Kenako anamutumiza kwa namwino woona za maganizo, yemwe amapezeka Lachiwiri lokha.

Habiba wapitako katatu. Amakhala pabenchi limodzi ndi anthu omwe kale akanawatchula amisala, ndipo ulendo woyamba anadziphimba kumaso ndi mpango. Namwinoyo salankhula zambiri, amamvetsera. Anamuuza kuti kutopa kwa mtima kotereku amakuona mwa anthu ambiri odwala matenda osatha, ndipo kuli ndi thandizo lake. Anamufunsanso chomwe akufunitsitsa.

"Tsiku limodzi loti ndidzuke osaganiza za chiwindi," anayankha Habiba.

Tsikulo silinafike. Kwa Rukiya anapepesa, ndipo mwanayo amamuperekeza kumunda Loweruka. Lesitilanti amatsegula masiku atatu pa mlungu, ogula ambiri ndi alendo obwera kudzagula nsomba. Amayi ake amamuyankha moni wokha. Idi anabwerera ku Mbenji, ndipo akaimba foni amafunsa za ana ndi za madzi kusikimu. Habiba amayankha zonsezo bwinobwino, kenako amadikira pang'ono asanadule, mwina bamboyo anena china. Mpaka pano sananene. Tsiku lokayezetsanso ndi mu Juni, mpunga ukakololedwa.