Wometa Amaima Kumbuyo

Mumsewu mwawo ankawatchula kuti Mayi Nanga, chifukwa sankatha kukhala pafupi ndi munthu osamufunsa kanthu. "Nanga ichi mumachita nacho chiyani? Nanga ntchito yanuyi munaiphunzira kuti?" Zaka zambiri ankasoka zovala pafakitale, ndipo basi yopita kuntchito ndiyo inali sukulu yawo. Wosoka nsapato wina anawaonetsa kupaka ulusi sera kuti usamaduke. Mzamba wina anawaphunzitsa kagonekedwe ka mwana wobanika. Amuna awo, bambo a mapasa, ankachita nazo manyazi.

"Inu, tsiku lina adzakutsitsani panjira ndi mafunso anuwa," ankatero.

Bambo a mapasa anali kalaliki wa pa positi, munthu waukhondo amene sanatulukepo pakhomo ndevu zili kumaso. Kenako matenda anawapha ziwalo mbali yakumanja, mawu n'kuwatsalira owerengeka. Mayi Nanga anasiya makina. Tsiku lawo linasanduka kusambitsa, kutembenuza, kupera mapiritsi ndi supuni, kuchapa zofunda zimene dzulo lomweli anachapa. Mapasa aja, omwe ankagwira ntchito kutali, akaimba foni ankati, "Mwayi wake amayi simuli pantchito." Mayiwo ankangovomera, foni ataipana ndi phewa, manja ali m'thovu.

Zonsezi anazizolowera, koma kumeta ndevu kunawakanika. Kawiri konse anawacheka amuna awo pachibwano. Kachitatu bambowo anakankha lezala ndi dzanja lamanzere.

"Basi," anatero.

Ndevu zinakula, ndipo nazo bambo a mapasa anakana kutuluka. Pamenepa ndi pamene panali vuto. Adokotala anali atanena kuti Lachinayi lililonse azipita kuchipatala kukawongola mwendo, apo ayi udzauma osapindikanso. Milungu itatu inadutsa osapita. Wachinayi wake Mayi Nanga anasiya amuna awo m'manja mwa mayi woyandikana nawo nyumba, n'kupita okha kukatenga mankhwala.

Pobwerera, m'basi, anakhala mpando umodzi ndi mkulu wina wa imvi, atafungatira kachikwama pamiyendo. Tsiku limenelo anali atatopa moti sankafuna kulankhula ndi munthu. Koma m'kachikwamamo munkasuzumira kaburashi.

"Pepani bambo, nanga kaburashiko? Mumapenta?"

"Ndimapenta nkhope za anthu, mayi," anaseka mkuluyo. "Ndine wometa. Ndinapuma kale, koma Lachinayi ndimakameta anzanga ogona m'chipatala, aja alibe wowaona."

"Ndiye mwakhala pano dala inu," anatero Mayi Nanga, n'kuwafotokozera zonse.

Wometa uja sanafunse za lezala kapena sopo. Anangoti, "Mukamawameta, iwo amakhala pati?"

"Pabedi."

"Inuyo?"

"Ndimagwada kutsogolo kwawo, n'kuwagwira chibwano."

"Aa, mlongo wanga! Mumawameta ngati mukupukuta mwana mamina. Mwamuna akamaona chisoni m'maso mwanu amaumitsa nkhope, nkhope youma ndiye lezala amakonda kuicheka. Wometa amaima kumbuyo. Akhazikeni pampando, nsalu m'khosi, galasi patsogolo, mukumane nawo m'galasimo. Mukatero muwafunse kuti, 'Timete bwanji lero, bwana?'"

"Nanga poti salankhula bwino?"

"Mudikire. Ine ndinali ndi makasitomala amkamwa mwabwinobwino amene ankaganiza mphindi zisanu, n'kudzanena zomwezo za mwezi watha."

Anawauza kuti ayambe ndi sizasi, kenako nsalu ya madzi ofunda, ndipo lezala azitsata kumene ndevu zagonera. Atatero anagwira zala ziwiri za mayiwo n'kuziika patsaya pake kuti amve mmene khungu amalikokera.

"Mukamaliza agogowo ndikubweretsereni amuna anga," anatero mayi wina wa pampando wakumbuyo. "Akuchita kuopseza ana."

M'basi monse munali phwete. Posakhalitsa wometa uja anatsika, n'kukweza kachikwama kake potsanzika. Mayi Nanga anamufunsa zinthu khumi, koma za kumene amakhala sanafunse, ndipo sanadzakumanenso naye.

M'mawa mwake anakokera mpando pawindo, n'kuchotsa galasi pakhoma, kuliyedzeka pamenepo. Anawathandiza amuna awo kukhala, n'kuwamanga thaulo m'khosi. Iwo anazungulira kumbuyo.

"Bwana, shopu yatsegulidwa. Timete bwanji lero?"

Bambo a mapasa anayang'ana m'galasi nthawi yaitali. Chiyambire matendawa anali asanadzione bwinobwino. Mlomo unali utagwera mbali imodzi, diso lakumanja lili lolefuka. Mayi Nanga mawu anawafika pakhosi: "Musadandaule, mukuoneka bwino." Anawameza. Kukhitchini mpope unkadontha, madzi a m'beseni ankazizira, zochapa zinali mulu pakhomo. Iwo anadikirabe, manja ali pamapewa a amuna awo.

Kenako dzanja lamanzere linakwera pang'onopang'ono, n'kukhudza ndevu za pamlomo wam'mwamba.

"Izi... siyani."

"Inu? Chikwatiranireni sindinakuoneni nazo zimenezi!"

Chala chija chinasendera pamene mlomo unagwera, n'kuima pomwepo. Mayi Nanga anamva. Sanafunsenso.

"Chabwino bwana, tizisiya. Koma atsikana a kuchipatala akayamba kukupatsani moni kawirikawiri, ndidzazimeta muli m'tulo."

Phewa la bambowo linagwedezeka. Kunali kuseka.

Sizasi inalira, nsalu yofunda inaphimba masaya, lezala anayenda mwaulemu kutsata kumene ndevu zagonera. Pansi pa khutu panatuluka kadontho kamodzi ka magazi. Mayiwo anaimitsa lezala, koma bambowo anangopendeketsa mutu kuti amete mbali inayo. Atamaliza, za pamlomo zija anazilinganiza ndi chipeso mpaka zinaphimba kona ya mlomo, n'kukutumula thaulo panja ngati mmene ometa amachitira.

Lachinayi lotsatira Mayi Nanga sananene kanthu za chipatala. Anawameta m'mawa, n'kupita kukatsuka beseni. Ali kukhitchini anamva ndodo ikugogoda pansi. Anathamanga, manja akudontha madzi, n'kupeza amuna awo atakhala m'mphepete mwa bedi, akulimbana ndi batani la malaya.

"Mukufuna chiyani, bambo a mapasa?"

"Nsapato," anatero bambowo. "Zakuda zija."

Mayi Nanga anagwada n'kuzikoka pansi pa bedi. Zinali zitachita fumbi. Anazipukuta ndi m'mphepete mwa diresi yawo, n'kuyamba kuveka phazi lakumanja.