Makokonati Ofunda Bulangete ku Syokimau

Loweruka lapitali ndinaona mtengo utavala jekete. Musandiyang'ane choncho, ndinali ndisanalawe kalikonse.

Ndinapita ku Syokimau kukacheza kwa a Kamwendo, mnzathu wa ku Ntcheu amene amagwira ntchito kubungwe lina lothandiza anthu kuno ku Nairobi. Nditatsika matatu, minibasi ya kuno, n'kulowa pageti, ndinapeza timitengo titatu ta kokonati titandanda pabwalo. Kena kafunda bulangete, kena chiguduli, kachitatu kavala jekete imene bambowa ankapita nayo kutchalitchi chaka chatha. Pakati pake mbaula ili ngwee.

"Mwawaona ana angawa?" anatero a Kamwendo akumwetulira. "Ndinawatenga ku Mombasa titapita ku wekishopu. Zaka zisanu zokha, pano padzakhala ngati pahotela."

Ku Mombasa anthu amagona thukuta lili kamukamu. Kuno Julaye akafika dzuwa limasowa sabata yathunthu, mphepo n'kumakulowa mpaka m'mafupa. Ngakhale wogulitsa makala wa pakona anawauza kuti kokonati sabereka kuno. Koma munthu woti wangochokera ku wekishopu mungamuuze chiyani?

Kuseka ndinaseka, koma mtima unandiwawa. Pamalo pamenepo panali dimba la mayi Kamwendo. Nthangala za maungu ndi khobwe anachita kubwera nazo kuchokera kumudzi atazimanga pansonga ya chitenje. Amalawi tonse otopa ndi sukuma wiki, ndiwo zamasamba za kuno, tinkadziwa kolowera tikalakalaka nkhwani wotendera. Bambo anazula zonsezo tsiku limodzi, ati mlendo akabwera asamaone ngati wafika kumudzi.

Ndiwo matenda athu amenewa. Tikangokwera ndege kawiri, chilichonse chodyedwa chimayamba kutichititsa manyazi. Papaya timagwetsa n'kubzalapo maluwa oti ngakhale dzina lake sitingalitchule. Kodi nkhwani unatilakwira chiyani? Pabwalo tikufuna pazioneka ngati chithunzi cha pakalendala, koma tikangomva kuti wina akuchokera ku Lilongwe, ndife oyamba kuimba foni: "Chonde mutitengereko mfutso musutikesi."

A Kamwendo atalowa m'nyumba kukatenga makala ena, mayi anandikodola. Anagwira tsamba la pakati penipeni pa kamtengo ka bulangete kaja n'kukoka pang'ono. Linazuka lonse, kunsi kwake kutawoleratu, fungo lili guu.

"Inafa kalekale iyi, achimwene. Yonse itatu," ananong'ona, akulibwezera tsambalo pamalo pake bwinobwino.

"Nanga bwanji osawauza?"

"Ndiwauze kuti akatenge ina? Mwezi wamawa kulinso wekishopu."

Kenaka anatukula m'mphepete mwa bulangete. Patsinde pa mtengo wakufawo panali timbewu tinayi ta maungu titangomera kumene, masamba ake onenepa.

"Nthangala zomaliza izi, ndilibenso zina," anatero mayiwo. "Bambo akapita kuntchito ndimafundukula kuti timbewuti tione kuwala. Kuthirira akuthirira okha m'mawa uliwonse, manyowa anakagula okha. Chilowereni m'banja lino sanagwirepo ndowa ya kudimba, lero ndiwaletse ine?"

Mayi amene anapita kusukulu, amene amawerenga mawu a Mulungu kutsogolo kwa mpingo osadodoma, akuchita kubisa ndiwo pakhomo pake pomwe ngati chamba. Zonsezi chifukwa bambo amamvera aliyense wonyamula cholembera cha pabolodi, kupatula munthu amene amawaphikira.

A Kamwendo anatuluka ndi makala awo, nawathira pambaula, kenaka n'kukonza kolala ya jekete ija mwachikondi. Sindinawauze kanthu, ndipo amene muwerenge izi musakandiyalutse. Asiyeni maunguwo ayange kaye.

Koma abambo anzanga amene mwaseka mpaka misozi, tayang'anani pakhomo panu. N'chiyani chimene chinafa kale koma mukuchifunditsabe bulangete, akazi anu akungokuyang'anani?