Makiyi a Yeh Tien-fu

Yeh Tien-fu sankagawa kanthu. Ana ake aamuna atakwatira anapempha kuti awagawire maiwe a nsomba a kuno ku Budai, iye anakanitsitsa. "Chogawa chimafa," ankatero. Makiyi a kanyumba ka makina ankayenda nawo m'chiuno ngakhale popita kukachisi. Dziwe langa lagundana ndi maiwe ake, ndipo ndakalamba ndikukangana naye.

Mutu utayera imvi, anaphunzira kulemba pulogalamu ya pakompyuta yoti izidzutsa yokha makina opalasa madzi mpweya ukachepa m'dziwe. Anailemba yonse m'fayilo imodzi yaitali. Mphunzitsi wake, mayi wa kukoleji ya m'tauni, anapukusa mutu.

"Bambo Yeh, apa mudzasochera nokha. Manambala ndi mayina a ntchito ikani m'fayilo ya mutu, yomwe pulogalamu imayamba kuwerenga, ntchito yeniyeniyo m'fayilo ina."

Anang'ung'udza, koma kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anagawa. Tsono chifukwa cha mtima wake uja woopa kutaya, fayilo ya mutuyo anaikopera malo awiri. Nyengo yotentha itafika anasintha nambala kuti makina azidzuka msanga, koma anasintha mu imodzi yokha. Pulogalamu inkawerenga inayo. Izi tinazidziwa madzi atafika kale m'khosi.

Tsiku limene anapita ku Tainan ku ukwati wa mdzukulu wake, kunacha kopanda ndi kamphepo komwe. Mitambo inalendewera, thukuta lili kamukamu. Makina anga ankaphokosera, ake ali zii. Akakowa anayamba kutera m'mbali mwa maiwe ake, osadya, ongodikira. Ndinachita mantha. Nditayandikira ndinaona nsomba zili pamwamba, kukamwa yasa.

Ndinamuimbira foni.

"Iwe nkhalamba, makina ako agona!"

"Nsanje idzakupha, mnzanga. Pulogalamu ikudziwa nthawi yake. Pita ukadye mpunga."

"Nsomba zikupumira pamwamba! Makiyi wasiyira ndani?"

Pafonipo ndinkamva makombola a ukwati akuphulika, kenako kulira kwa makiyi m'chiuno mwake.

"Thyola chitseko," anatero motsitsa mawu.

Chitseko cha kanyumba ka makinako n'chachitsulo. Anachiwotcherera yekha chaka chimene ana ake anayamba za kugawana zija. Ndinachimenya ndi nyundo mpaka manja kutuluka matuza, koma sichinasunthe. Nditacheuka, nsomba zinali zitayamba kugadama, dziwe likuyera mimba zokhazokha, ndipo akakowa aja anali atalowa m'madzi.